Mgolo wa Apongozi Unabwerera Kwawo

Ntchito imeneyi ndinaipeza chifukwa chodziwa kuwerenga, ndipo ndikakumbukira ndimaseka ndekha, poti kuwerengako ndinakuphunzira imvi zitayamba kale. Sukulu ya ulere itangoyamba, ana anga aang'ono akuthamangira ku pulayimale, ine ndinkazemba masana kupita ku sukulu ya kwacha ya ku tchalitchi, sileti nditaibisa m'malaya kuopa kusekedwa. Patapita zaka ngati khumi, Lolemba lina ndikudutsa pa ofesi ya esiteti ya tiyi kumene ndinagwira ntchito yopopera mankhwala mpaka kupuma, ndinaona pepala pakhoma. Ndinaima, ndinaliwerenga ndi chala. Ankafuna anthu a ganyu ya milungu isanu ndi umodzi, oti akalongedze mankhwala akale ophera tizilombo amene anali mu shedi ya kumunsi kwa fakitale. Ankafuna odziwa kuwerenga, makamaka oidziwa shediyo.

Shediyo ndinkaidziwa kuposa nyumba yanga. Ndili mnyamata, ndinali m'gulu limene linatsitsa migoloyo pa lole.

Amene ankalemba anthu anali mayi Sambani, mayi wamfupi wochokera ku Blantyre, wophunzira za mankhwala, wa mawu aang'ono koma osabwereza kawiri. Anandipatsa pepala kuti ndiwerenge, ndinawerenga. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Madala, mapapo anu ali bwanji?"

"Akadali awiri, mayi."

Anaseka, nandilemba dzina. Tsiku lomwelo namwino wa ku chipatala cha mishoni anatitenga magazi tonse, akuti kuti adzayerekeze ndi a pomaliza ntchito.

Tsiku loyamba mayi Sambani anatikhazika pansi pa mtengo wa bulugamu natiuza mbiri ya migoloyo, mbiri imene ife oinyamula sitinkaidziwa. Inabwera kalekale ngati mphatso yochokera kutsidya kwa nyanja. Koma pofika kuno nthawi yake inali itatha kale, ndipo kwawoko mankhwalawo anali ataletsedwa. Anthu aja anasowa kotaya, ndiye anawatcha thandizo. Panali anthu ena a m'tauni, pamodzi ndi anzawo a m'mayiko ena, amene analemba makalata zaka ndi zaka, kuguba m'misewu, kuumirira kuti amene anapanga mankhwalawo awatenge okha akawawotche m'ng'anjo zawo, popeza kuno ng'anjo yotero kulibe. Pamapeto pake eni ake anavomera.

"Ntchito yathu," anatero, "ndi kumulongedzera katundu mlendo amene wakhalitsa."

M'gulu lathu munali Lasitoni, woyendetsa thirakitala wa pa esiteti, wa Sabata koma wa pakamwa posatseka. Iye anakweza dzanja. "Ndiye kuti tikumuperekeza mlendoyu? Mayi, ine ndimufikitsa mpaka pa msewu, asadzasinthe maganizo."

Kagwiridwe kake kanali ka dongosolo kuposa ntchito iliyonse imene ndinaionapo. Kuzungulira shedi tinamanga zingwe za mitundu itatu. Mkati mwa chofiira ndi momwe munali migolo. Mkati mwa chachikasu ndi movulira ndi kutsukira. Kunja kwa chobiriwira ndi kumene munthu ankaloledwa kumwa madzi kapena kudzikanda. Kuti ulowe kofiira unkavala ovolosi yoyera ya chipewa, jombo za mphira, magolovesi awiri awiri, magalasi, ndi masiki ya mphira ya zosefera ziwiri m'mbali. Mnzako ankakumata tepi m'manja ndi m'akakolo, iwenso n'kumumata. Potuluka unkaponda m'mabeseni atatu motsatana, loyamba la sopo, enawo a madzi, ndipo madzi amenewo sitinkataya pansi, nawonso ankathiridwa mumgolo n'kupita nawo. Ine amene ndinapopera zaka zambiri nditangomanga kansalu pamphuno, tsiku loyamba ndinadziona ngati dokotala.

Mgolo umene unali wolimba tinkautsegula pang'onopang'ono ndi sipanala yamkuwa, yosathetheka moto, n'kulowetsa paipi ya pampu yamanja, kupopa mankhwalawo kupita mumgolo watsopano wabuluu. Umene unali wodyeka ndi dzimbiri sitinkautsegula. Tinkaunyamula anthu anayi ndi malamba n'kuutsitsira mu chimgolo chachikasu chimene chinkameza mgolo wonse, kutsekapo chivindikiro, kumanga lamba wachitsulo. Podontha tinkathirapo utuchi, kuwola ndi fosholo ya pulasitiki, kuthira m'matumba awiri awiri. Dothi la pansi pa shedi tinalipala mpaka fungo litachepa. Ntchito yanga yeniyeni inali yolemba mapepala omata pa mgolo uliwonse: chimene chili mkati, ndi kumene wachokera. Dzanja langa ndi lochedwa koma zilembo zake n'zazikulu, ndipo mayi Sambani ankati zimenezo ndiye zofunika padoko.

Tinkayamba m'mawa kwambiri, chifukwa dzuwa likakwera m'ovolosi muja thukuta limadzaza m'jombo. Tinkaimba, ngakhale kuti nyimbo ya m'masiki imamveka ngati ng'ombe ili m'chitsime. Amayi othyola tiyi akamadutsa ndi madengu awo kupita ku sikelo ankatikuwiza kuti, "Azungu a ku shedi, mwadzuka bwanji?" Lasitoni ankawayankha ndi Chingerezi chopeka yekha. Sindinasekepo pa ntchito monga ndinasekera milungu imeneyo.

Koma m'mawa uliwonse panali mphindi imodzi imene inkandiwawa. Tisanavale, mayi Sambani ankafunsa kuti, "Alipo akudziwa mgolo wa mtundu uwu umene uli kumudzi? Sindifunsa kuti unapita bwanji." Tonse tinkayang'ana jombo zathu. Ine ndinkayang'anitsitsa kuposa onse.

Ndiyenera kubwerera m'mbuyo. Migolo ija itangobwera, ndinali nditangokwatira kumene mkazi wanga Elube, ku mudzi wa kwawo cha ku Khonjeni. Ndinali mkamwini wopanda kanthu. Tsiku lina mgolo umodzi utatha, kapitawo anandituma kuti ndikaubwezere mu shedi. Ine ndinaugubuduzira m'tiyi, mawa lake n'kuumanga pa njinga. Ndinautsuka katatu ndi phulusa ndi mchenga, monga tonse tinkakhulupirira kuti zimakwanira, ndipo ndinaupereka kwa apongozi, amayi ake a Elube, kuti azisungiramo madzi. Analuluta nthungululu mudzi wonse kumva. Mwana wathu woyamba, Esinati, anamwa madzi a mumgolomo. Ali ndi zaka zitatu anadwala mwadzidzidzi, kusanza, kunjenjemera, ndipo anatisiya tili m'njira yopita ku mishoni. Ena anati malungo aakulu, ena analoza anthu zala. Pambuyo pake apongozi anasiya kusungiramo madzi nayamba kusungiramo mbewu ya nandolo. Posakhalitsa anaona kuti anankafumbwe sayandikira mgolowo. Mbiri inafala, ndipo amayi a m'mudzi anayamba kubweretsa mbewu zawo m'timatumba kudzasungitsa. Unatchuka ndi dzina loti mgolo wa apongozi, ine n'kumatamandidwa kuti ndine mkamwini wanzeru.

Nditayamba sukulu ya kwacha, ndinkawerenga chilichonse: matumba a feteleza, mabasi, zikwangwani za m'magolosale. Tsiku lina apongozi atapita ku maliro ndinalowa m'nyumba mwawo, ndinapukuta fumbi pa mgolo, ndinakopera mawu a Chingerezi amene anali pamenepo pa sileti, n'kupita nawo kwa aphunzitsi mokondwa. Iwo anandimasulira: chotengera ichi musachigwiritsenso ntchito, musasungiremo madzi kapena chakudya, ngakhale mutachitsuka. Ndinafufuta siletiyo ndi mkono wa malaya. Ndinakhala chete zaka zisanu ndi zitatu. Ndinkadziuza kuti mbewu imabzalidwa, siidyedwa.

Komanso panali mwambo. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso. Tikakumana m'njira, mmodzi ankapatukira m'chinangwa. Mawu ankadutsira mwa Elube. Elube akachoka, apongozi ankalankhula ndi nkhuku: "Nkhuku iwe, uwauze abambo a Esinati kuti denga la khitchini likudontha." Ine ndinkayankha nkhuku yomweyo. Tinakhala motero zaka zoposa makumi atatu, mwamtendere ndithu. Ndiye nkhani ngati imeneyi munthu ungaitume nkhuku?

Tsiku lovuta linali Lachisanu lomaliza. Migolo yonse inali itakwera pa mapaleti a matabwa m'kontena, ndipo chitseko chinayenera kutsekedwa ndi chidindo nthawi ya thuu koloko, kuti a Sabata akafike kwawo dzuwa lisanalowe, lole n'kunyamuka ulendo wa ku doko la Beira. Chaka chimenecho mvula inadula msanga, m'nkhokwe munalibe kanthu. M'mawa umenewo, ndikumanga nsapato, Elube anandiuza ngati nkhani wamba kuti, "Amayi akuti mawa titsegule mgolo, nandolo uja tigawane tidye. Za mbewu tidzaona mvula ikagwa."

Ndinakhala pansi pakhonde n'kumuuza zonse. Anamvetsera osaphethira. Nditamaliza ndinamupempha kuti akawafotokozere amayi ake.

"Ayi," anatero. "Mgolo munaupereka nokha, sindinakunyamulireni. Zimenezo mukanene nokha." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ndinapalasa njinga mu chiperoni mpaka ku shedi, ndinafika nditanyowa. Mayi Sambani atafunsa funso lawo lija komaliza, ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Mawu anatuluka ochepa: kuti ndinaba mgolo umodzi, kuti muli nandolo, kuti mawa anthu adya.

"Munaba ndisanabadwe mwina," anatero, "ndipo ine si wapolisi. Uli kuti?"

"Kwa apongozi anga."

Lasitoni anagwira kumutu. "Eee, madala! Bola akanakhala apolisi!"

Onse anaseka, ndipo kusekako kunandithandiza kupuma. Mayi Sambani anayang'ana wotchi. Anati galimoto singathe matope a kumeneko, tipita pa thirakitala. Tinakweza chimgolo chachikasu chimodzi m'ngolo, malamba, zingwe zofiira, pepala lalikulu la pulasitiki, fosholo, matumba, mabeseni ndi zovala. Tinanyamuka anthu asanu.

Titafika tinapeza apongozi atakhala pa mpando pakhomo penipeni, ndodo ili pamiyendo. Anali atamva kulira kwa thirakitala, ndipo anali ataona nkhope ya mwana wawo Elube. Ine ndinatsalira kuseri kwa tayala lalikulu. Mayi Sambani ananjuta mwaulemu nafotokoza zonse bwinobwino, za mphatso yabodza, za ng'anjo, za sitima ya pamadzi. Apongozi anawalola kumaliza.

"Mwalankhula bwino, mwanawe. Koma mgolowu unabwera ndi mkamwini wanga. Inu ndinu ndani wake?"

Nthawi inkapita. Lasitoni anabwera kuseri kwa tayala n'kundinong'oneza kuti, "Madala, valani zonse. Mwambo ukuletsa nkhope, ndiye nkhope ili kuti m'masiki?" Zinandimvekera zanzeru. Anandiveka, anandimata tepi, ndipo ndinayenda kudutsa bwalo lonse ndili mbuu ngati thumba la ufa, agalu akuuwa. Ndinagwada patsogolo pa apongozi n'kuyamba kulankhula. Zimene zinatuluka m'masikimo ngakhale ine sindinazimve.

Apongozi anatembenukira kwa thadzi limene linkapalasa pafupi. "Nkhuku iwe, uwauze abambo a Esinati kuti mayendedwe awo ndimawadziwa ngakhale atavala chiyani. Uwauzenso kuti khutu langa limodzi linafa. Ngati ali ndi mawu, achotse chamnkhopecho anene ngati munthu."

Ndinavula magalasi, ndinavula masiki. Kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Anali ndi mphini ziwiri ziwiri m'masaya, zimene sindinkadziwa kuti ali nazo, ndipo maso awo anali a Esinati. Ndinawauza kuti mgolowo ndinaba.

"Zimenezo ndinadziwa tsiku lomwelo. Wopopera angagule mgolo ndi chiyani? Nenani zina."

Ndinanena zinazo. Za mawu a pa sileti, za zaka zimene ndinakhala chete, za mwana. Elube anali ataima pakona pa nyumba, nsalu ili kukamwa.

"Madziwo ndinkamumwetsa ndine," anatero apongozi, "ndi chikho changa. Kafungo ndinkakamva. Ndinakhala chete kuopa kunyoza mphatso ya mkamwini. Inu mwanyamula zaka zisanu ndi zitatu, ine ndanyamula kuyambira tsiku la maliro." Kenako anatembenukira kwa mayi Sambani. "Inu ophunzira, tiuzeni. Ndi mgolowu?"

"Sindingadziwe, agogo," anayankha. "N'kutheka ndi umenewu, n'kuthekanso anali malungo. Ndikanama ndikanena kuti ndikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti nandolo ameneyu asadyedwe."

Apongozi anadzuka n'kusuntha mpando wawo pakhomo.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma pamenepo m'pamene phokoso linayamba. Amayi amene anasungitsa mbewu zawo anali atafika ndi malichero. Ankati mgolo upite, koma nandolo wawo atsale, amutsuka, amuyanika. Mayi Sambani anakana, anati palibe njere imodzi ituluke. Amayiwo sanali ouma mitu, anali ndi njala, ndipo wina anafunsa kuti ana ake adya zingwe zathu zofiirazo kapena. Wotchi inali itadutsa thwelofu. Amene anawabweretsera tsokalo ndinali ine.

Apongozi anamenya ndodo pa chitseko katatu.

"Inu, munakulira kuti? Mnzako akakupatsa ndiwo, mbale yake umaibweza yopanda kanthu? Anthu aja anatipatsa mphatso. Mbale yawo ikubwerera lero. Ibwerere yopanda kanthu ngati ife ndife amphawi osadziwa ulemu? Nandolo apite momwemo. Akalawe zimene mankhwala awo amakometsa."

Woyamba kuseka anali mayi wa zingwe zofiira uja. Kenako onse. Wina anayambitsa nthungululu, wina anaponya lichero m'mwamba. Lasitoni analonjeza pomwepo, osatifunsa, kuti aliyense wa m'gulu lathu abweretsa mbale ya mbewu yochokera kwawo, ndipo tinabweretsadi sabata yotsatira, ena mbale ziwiri.

Tinagwira ntchito mwamsanga koma osadumpha kanthu, chifukwa mayi Sambani anali pomwepo. Tinamanga chingwe chofiira kuzungulira nyumba, tinayala pulasitiki kuyambira pakhomo, tinakoleka malamba, tinautulutsa anthu anayi. Pansi pake unali utadyeka, ndipo unasiya bwalo lakuda pa dothi. Tinautsitsira m'chimgolo chachikasu nandolo ali momwemo, tinatseka, Lasitoni anamanga lamba ndi sipanala. Dothi la pamene unakhala tinalipala kuzama kwa chikhatho n'kulithira m'matumba. Nditaponda m'mabeseni n'kuvula magolovesi, ndinatenga pepala lomata. Pa mzere wa kumene wachokera ndinalemba dzina la mudzi wathu ndi zilembo zazikulu kuposa masiku onse.

"Mwalemba moni?" apongozi anafunsa. Anafunsa ine, osati nkhuku.

Ndinayang'ana mayi Sambani. Iwo anayang'ana kumwamba ngati akuona mvula. Ndinalemba pakona, ting'onoting'ono: Moni wochokera kwa apongozi.

Tinafika ku shedi dalaivala wa lole atayamba kale kulalata. Mgolo wathu unalowa womaliza, pafupi ndi chitseko, kotero kuti amene anakatsegula kutsidyako anayamba kuona umenewo. Chidindo chitatsekedwa, amayi othyola tiyi anatsika m'munda ndi madengu kumsana, tinaiperekeza lole ija ndi nyimbo mpaka pa msewu wa tala, monga Lasitoni analonjezera tsiku loyamba. Ndinavina ndi mawondo anga okalambawa mpaka jombo imodzi inavuka.

Magazi athu atayesedwanso, namwino anati tonse tili bwino. Apongozi mawa lake anabwerera kwa nkhuku zawo, poti mwambo ndi mwambo. Koma nkhuku zikakhala kuti zapita kutali, ankangonena mawuwo molunjika, ine n'kuyankha, ndipo tinacheza motero zaka ziwiri mpaka pamene anamwalira. Elube sanandilankhule bwino kwa masiku angapo. Kenako tsiku lina anabwera ndi kathabwa ndi kachitini ka penti, anaziika patsogolo panga. Anati, "Poti mumadziwa kulemba, manda a mwana alibe dzina." Ndinalemba, iye atagwira thabwalo kuti lisagwedere.

Ngati ndi mgolo uja kapena ayi, sindidzadziwa, ndipo ndasiya kufunsa. Chimene ndinatenga pa ntchito ija n'chaching'ono. Kuwerenga ndi maso okha n'kosathandiza munthu. Chimene wawerenga, ngati chikukhudza moyo wa anzako, uchinene mokweza tsiku lomwelo, ngakhale kwa munthu amene sumuyang'ana kumaso. Masiku ano tsiku la msika ndimapita ku Goliati, kumene amagulitsa zigubu ndi migolo yakale. Ndimavala magalasi anga, ndimawerama, ndimawerenga mokweza zolembedwa pa chigubu chilichonse, ogula akumva. Ogulitsa ena akandiona patali amayamba kutembenuza zigubu zawo kuti zilembo ziyang'ane kukhoma. Ine ndimangozungulira mbali inayo.